Manja a Gwakisa

Loweruka lililonse m'mawa, anthu okhala kuseri kwa msika wa Uyole sankadalira tambala. Ankadzutsidwa ndi Asajile Mwaipungu akuyesa masipika ake pabwalo. Bamboyu anali woyendetsa mwambo pa maukwati ndi pa maphwando otsanzikana ndi mkwatibwi, ndipo dzina la pantchito anachita kudzipatsa yekha ataona kuti anthu akuchedwa nalo. Ankatchedwa Namondwe. Anali ndi masuti atatu ndi mimba imodzi yomwe inkawadzaza onse mofanana. Akagwira chimkuzamawu n'kunena kuti, "Haloo, haloo, tikumvana kumbuyoko?" malata ankanjenjemera, makapu ankagundana m'kabati, nkhuku za aneba zinkaiwala kumene zimaikira. Kumbuyoko kunalibe munthu, kunali khola la abakha basi, koma iye ankadikira yankho ndithu.

M'dera lonselo munthu mmodzi yekha ndiye sankadandaula ndi phokosoli. Anali mwana wake woyamba, Gwakisa, khanda la miyezi ingapo, lomwe linkapha tulo pamphasa pafupi ndi sipika yaikulu ngati mkulu wa mpingo pa ulaliki wautali.

"Mwamuona mwana wa mwamuna?" Asajile ankauza aliyense wodutsa. "Ana a anthu ena chitseko chikangoti phwa, ayamba kulira. Uyu mtima wake ndi wachitsulo. Magazi sanama."

Mkazi wake, Tusajigwe, yemwe ankagulitsa nthochi ndi mapeyala mumsikamo, anali atayamba kale kugwetsa zivundikiro za mapoto kumbuyo kwa mwanayo mwadala, n'kumadikira kuti mwina atembenuka.

Tsono pa luso lonse la Namondwe, lomwe linkamutchukitsa kwenikweni linali sewero limodzi. Pa siteji ya mabasi panali mtengatenga wina wogontha ndi wosalankhula. Dzina lake palibe anadzivutapo kulifunsa, onse ankangoti Bubu, kutanthauza wosalankhula. Phwando likafika poti anthu akhuta mpunga ndipo ayamba kuyasamula, Asajile ankaika chimkuzamawu pansi, n'kukweza mapewa, n'kuyamba kutsanzira Bubu akufunsira mkazi: manja m'mwamba, maso tong'o, kukhosi kukutuluka "aba, aba, buu." Anthu ankagwa m'mipando ndi phwete. Amayi ankabwera akuvina kudzamufupa. Panali mabanja omwe ankamuitana chifukwa cha Bubu yekhayo, ndipo Asajile ankakhulupirira ndi mtima wonse kuti mtengatengayo akanadziwa, akanabwera kudzathokoza.

Gwakisa atakwanitsa chaka ndi theka, Tusajigwe anabwera kuchokera kusikelo maso ali psuu. Anapeza mwamuna wake pakhonde akupukuta nsapato za ku ukwati.

"Baba Gwakisa, anesi aomba m'manja kumbuyo kwake, aliza belu, amuitana dzina. Sanatembenuke. Akuti tipite naye ku chipatala chachikulu akamupime makutu. Akutinso kuli kalasi ya ana otere, amapita ndi makolo awo, onse n'kumaphunzira kulankhula ndi manja. Akuti tisachedwe."

"Ana otere?" Asajile sanadzutse mutu. "Otere otani?"

"Osamva."

Nsapato inaikidwa pansi mwaulemu, ngati mlendo.

"Mama Gwakisa, tamuyang'anitsitsa munthu amene unakwatiwa nayeyu. Nyumba ino yamangidwa ndi pakamwa panga. Mwana wa Namondwe akhale Bubu? Unaona kuti mkango utabala mbuzi? Amuna a kwa Mwaipungu timachedwa kuyamba, ndi mtundu wathu. Ineyo ndinayamba kulankhula ndili ndi zaka zinayi. Lero alipo angandiletse?"

"Palibe," anatero Tusajigwe, ndipo ananena zoona.

"Ndiye basi. Anesi akowo akaombere m'manja ana awo."

Nkhani ya chipatala inathera pomwepo. Koma mwana saleka kufuna kulankhula chifukwa choti makutu atseka. Madzi ukawatsekera kuno amaboola kwina, ndipo a Gwakisa anaboolera m'manja. Akafuna kumwa ankapinda kadzanja ngati kapu. Nthochi ankasenda chala chake. Bakha ankatsegula ndi kutseka tizala. Pofuna kunena bambo ake ankatulutsa kamimba, n'kuika chibakera pamlomo, n'kumagwedeza mutu ngati munthu wofunika kwambiri, ndipo mayi ake ankaseka mpaka kupukuta misozi ndi chitenje. Tsiku lililonse pankabadwa chizindikiro chatsopano. Mwanayo ankaloza chinthu n'kuyang'ana mayi ake kumaso, monga momwe ana onse a msinkhu umenewo amavutitsira akuluakulu ndi "ichi n'chiyani, nanga icho?" Tusajigwe ankapeka yankho ndi zala zake, Gwakisa n'kulitola pomwepo, osaliiwalanso. Anali mwana wa mutu wofewa. Akanakhala ndi omuyankha ambiri, akanawatopetsa onse.

Asajile ankaziona izi ndi diso la kumbali, n'kumaziyesa masewera a amayi ndi ana. Zinasintha masana ena pamene kunabwera komiti ya ukwati wa mwana wa mwini magalimoto wina, amuna anayi ndi mayi mmodzi, kudzapangana naye za mwambo. Anawakhazika pabalaza, n'kuwatsegulira zakumwa zoziziritsa kukhosi, n'kuyamba kuwafotokozera maukwati akuluakulu omwe akanagwa pakadapanda iye.

Ali mkati mofotokoza, Gwakisa analowa. Anali ataonera ana anzake momwe amalonjerera akulu, kuika kadzanja pamutu pa munthu n'kunena kuti shikamoo. Anayenda kwa mlendo aliyense, n'kumuika dzanja pamutu mwaulemu wonse, koma pakamwa pali tseke. Kenaka anaona mabotolo patebulo. Anatembenukira mayi ake pakhomo, n'kupinda dzanja ngati kapu, n'kuloza, n'kudumphadumpha, kukhosi kukutuluka "aba, aba!"

Wapampando wa komitiyo anamenya ntchafu yake.

"Ee, Namondwe! Mwayamba kale kumuphunzitsa za Bubu zija? Koma ameneyu akulandani ntchito, akuchita ngati weniweni!"

"Mubwere naye ku ukwati," anawonjezera mayi uja akuseka, n'kumufumbatitsa mwanayo kandalama. "Bubu wamkulu ndi Bubu wamng'ono. Anthu akafa nako kuseka!"

Onse anaseka. Asajile anaseka kuposa onse, poti ntchito inamuphunzitsa kuseka pamene pafunika kuseka, koma thukuta linali litanyowetsa kolala. Alendo atangotuluka pageti, anaimirira pakati pa balaza ngati pali anthu mazana.

"Kuyambira lero, m'nyumba muno manja ndi odyera ndi osambira. Wofuna madzi anene kuti madzi. Iwe ndi amene ukumulemaza mwanayu, Mama Gwakisa. Alankhuliranji pamene akangogwedeza chala iwe wathamanga kale?"

"Nanga akamva ludzu?"

"Ludzu ndi mphunzitsi wabwino."

"Baba Gwakisa, mwanayu sakumva. Mungamumane madzi mpaka mawa, sadziwa kuti mukufuna chiyani."

"Akumva. Ndi mwano chabe. Mwano ndiudziwa ine, unachokera kwanu."

Lamulo linagwira ntchito tsiku lomwelo. Gwakisa akapinda dzanja ngati kapu, patapata ankatera pa tizala. Akasenda chala, patapata. Tsiku lomwe anatulutsa kamimba n'kuika chibakera pamlomo, akumwetulira kuti bambo ake adzizindikire, analandira kawiri. Mwanayo ankayang'ana dzanja lake, n'kuyang'ana bambo ake, n'kuyang'ana mayi ake, kufuna woti amuuze chimene dzanjalo lalakwa. Womuuza analipo, koma chomuuzira ndi chomwe chinali choletsedwacho.

Asajile sanali munthu woletsa chinthu osaikapo china. Anatsegula sukulu yakeyake. M'mawa uliwonse ankamukhazika mwanayo pakampando kutsogolo kwa sipika yaikulu, n'kutsegula mphamvu yonse, n'kukuwa mu chimkuzamawu kuti, "BA-BA! Nena: BA-BA!" Dera lonse linaphunzira mawuwo. Mwana wa aneba wa miyezi khumi anayamba kuwatchula. Gwakisa ankangoika chikhatho pa sipikayo, n'kumva ikunjenjemera ngati mphaka wokhuta, n'kuseka.

"Waona?" Asajile ankakuwira mkazi wake. "Akuseka! Munthu wosamva angaseke?"

Miyezi itapita popanda "baba," anaganiza kuti vuto lili pa lilime. Anamva za mkulu wina wodula ana kamtsempha ka pansi pa lilime kuti mawu amasuke, ndipo anapita naye yekha mkazi wake ali kumsika. Gwakisa anabwera malaya ali magazi, maso atatupa ndi kulira. Chilonda chinapola, koma kuyambira pamenepo ngakhale "aba" uja anatha. Akaona bambo ake akulowa, ankatseka pakamwa ndi mano, n'kubisa manja m'khwapa. Asajile anati kukhala chete kumeneko ndi chizindikiro chabwino: mawu akusonkhana.

Mkulu wake wa Tusajigwe, mayi wosaopa munthu dzina lake Tumpale, anabwera kuchokera ku Tukuyu atamva za lilimelo. Sanakhale n'komwe pansi.

"Shemeji, mlamu wanga, mwanayu mukumupha ali moyo."

"Shemeji, takulandirani. Ulendo unali bwanji?"

"Musandifunse za ulendo. Womutseka makutu si inu, ndi Mulungu, palibe akukuimbani mlandu. Koma manja mwamutseka ndinu. Mukufuna alankhulire pati, pa mchombo?"

"Inu mwalera ana angati odziwika?"

"Anga onse amadziwa kupempha madzi."

"Mwana uyu ndi wa kwa Mwaipungu. Ng'ombe za malowolo zinapita kwanu zonse, palibe inatsala m'njira. Za m'nyumba muno zisiyireni eni ake."

Tumpale anabwerera ndi basi ya masana omwewo. Asajile anamanga mpanda wa malata kuzungulira nyumba, n'kuika geti lokhoma, n'kulamula kuti mwana asamapite kumsika kapena kukasewera kunja kufikira atayamba kulankhula, kuopa kuti ana a anthu osaphunzira angamupatsire makhalidwe. Motero Gwakisa anakula ndi abakha. Ana anzake ankawaonera pa kabowo ka lata, akuthamangitsana, akukangana, pakamwa pawo pakutseguka ndi kutseka pa zifukwa zomwe iye sankazidziwa.

Tusajigwe ankayesa mobisa. Pomusambitsa, chitseko atakhoma, ankamupindira dzanja ngati kapu, kumusendera chala, kumukumbutsa bakha. Poyamba mwanayo ankayankha mothamanga, diso lili kuchitseko. Kenaka anayamba kungoyang'ana. Kenaka anayamba kumugwira mayi ake manja n'kuwatsitsa pansi, kuwateteza kuti nawonso angamenyedwe. Zizindikiro zatsopano zinaleka kubadwa, zakale zinayamba kugwa chimodzichimodzi ngati mano a nkhalamba. Kuloza chinthu n'kufunsa ndi maso kuja kunatha. Zotsala zinali kukoka munthu malaya, kugubuduka pansi, kuluma, ndi kumenyetsa mutu kukhoma pamene chinthu chamukwana mumtima koma chilibe potulukira.

Kenaka kunabadwa mtsikana, Subilaga. Ameneyu pofika zaka ziwiri ankalankhula ngati wailesi yothyoka batani. Asajile anapuma mpweya wautali: mtundu wayera. Ankamunyamula kupita naye ku maphwando a masana kuti akalonjere anthu pa chimkuzamawu. Wina akafunsa za woyamba uja, ankayankha motsitsa mawu ngati akuulula za boma.

"Ameneyo ndi munthu woganiza kwambiri. Sakonda zaphokoso."

Gwakisa anali ndi zaka zisanu ndi zinayi pamene tsiku lina geti linaiwalika losakhoma. Anatuluka, n'kumayenda pakati pa msewu wopita kumsika, maso ali m'mwamba kuonera dziko. Kumbuyo kwake kunkabwera bajaji, kagalimoto ka matayala atatu kaja, itadzaza matumba a mbatatesi. Woyendetsa analiza hutala mpaka chala kuwawa. Mwanayo sanapatuke. Mwamwayi inangomukankhira mu ngalande, n'kumuthyola mkono. Asajile atafika akuthamanga, tayi ili paphewa, anapeza chikhamu cha anthu, woyendetsa uja akukuwa ndi mantha osanduka ukali.

"Baba, mwana wanuyu ndi gonthi, tonse tikudziwa! Mukumusiyira msewu bwanji? Mukufuna mundimangitse?"

Asajile anayang'ana anthuwo kuti wina amudzudzule mnyamata wamwanoyo. Palibe anadabwa. Amayi ogulitsa tomato ankangogwedeza mitu. Zinapezeka kuti chinsinsi chomwe anachimangira mpanda chinkadziwika ndi msika wonse kwa zaka zambiri, ndipo anthu ankangomusungira ulemu, monga momwe amachitira ndi munthu wovala suti yong'ambika kumbuyo.

Mkono utapola, anavomera za sukulu. Koma anasankha yakutali, yogonera konko, njira ya ku Iringa, kumene dzina la Namondwe linali lisanafike. Kwa aneba anati mwana wapeza malo pa sukulu yapadera ya ana amphatso.

Anafika pasukulupo nthawi yopuma. Pabwalo panali ana ambirimbiri, koma phokoso lake linali la mapazi ndi kuseka kokha. Manja ndiwo ankauluka. Tiana ta zaka zinayi tinkakangana za mpira, kunenerana, kutsutsana. Kamtsikana kena kankafotokozera anzake nkhani yaitali, ndipo ngakhale Asajile, yemwe sankadziwa chizindikiro n'chimodzi chomwe, anatha kuona kuti kakunama. Anaima kanthawi akuonerera. Kenaka anakonza tayi n'kulowa mu ofesi ya mphunzitsi wamkulu wa ana ogontha, mayi wina wa imvi zapatalipatali dzina lake Kyando.

"Mwalimu, ndakubweretserani mwana wanzeru, wochokera m'banja la anthu olankhula. Ndikufuna pofika Khirisimasi akhale atayamba."

Mayi Kyando anamuyang'ana Gwakisa. Anamuonetsa kapu, n'kupanga chizindikiro chake. Anamuonetsa mpira. Anadziloza yekha, n'kumuloza iye, n'kudikira. Gwakisa anayang'ana bambo ake, n'kukanikiza manja m'khwapa.

"Baba, anali kuti zaka zonsezi?"

"Kunyumba. Pa maphunziro apadera."

"Kunyumbako mumalankhula naye bwanji?"

"Momveka bwino."

Mphunzitsiyo anavula magalasi n'kuwapukuta nthawi yaitali kuposa momwe ankafunikira.

"Tiyesetsa. Mayina a zinthu adzawadziwa: kapu, galu, nsapato. Koma mwana amatola chinenero akadali wamng'ono, kaya cha pakamwa kaya cha manja, mutu susankha. Akadutsa msinkhu umenewo alibe chilichonse, pamakhala mawu ena ovuta kulowa. Dzulo. Mawa. Chifukwa. Zikanakhala. Amene mwawaona panjawo anabwera akuyamwa chala. Uyu wabwera mochedwa, Baba. Sindikulonjezani za Khirisimasi."

Asajile anatuluka akudziuza kuti aphunzitsi a masiku ano alibe chikhulupiriro. Pochoka anacheuka. Gwakisa anali ataimikidwa pamzere wa kalasi yoyamba, wamtali pakati pa tiana ngati mlongoti. Kamnyamata kena kankamukoka dzanja kuti kamuonetse chinachake, iye n'kumalibweza m'khwapa.

Mvula ya chaka chimenecho isanathe, Tusajigwe anadwala. Anayamba ndi mutu, n'kumapitabe kumsika, poti nthochi sizidikira wodwala. Pomwe ankamutengera ku chipatala anali atasiya kale kuzindikira anthu. Sabata isanathe anamwalira.

Maliro anakachitikira kumudzi kwa a Mwaipungu, pakati pa minda ya nthochi kufupi ndi Tukuyu, ndipo zinali zodziwikiratu kuti kubwera anthu ambiri. Maliro a mkazi wa Namondwe sakanakhala a anthu khumi. Kunkayembekezeka makwaya, eni maholo, ojambula, ophika, ndi mabanja onse omwe iye anawakwatitsa. Tsiku loti mawa lake aika, Tumpale anamukokera mlamu wake kuseri kwa nyumba.

"Shemeji, mwatuma ndani kukamutenga Gwakisa?"

"Sukulu ili kutali. Mwana wangoyamba kumene, tisamusokoneze maphunziro."

"Maphunziro? Mayi ake ali m'bokosi!"

"Mukumudziwa mmene amachitira. Akayamba kugubuduka pamaso pa anthu onsewa, kuluma alendo..."

"Alume! Agubuduke! Ndi mayi ake. Shemeji, ndakugwirani mwendo, sindinakupempheni kanthu chikwatireni mng'ono wanga. Mwanayu maso ndiwo makutu ake. Aone nkhope, agwire, aone bokosi likutsika. Akapanda kuona, mudzamuuza bwanji?"

Asajile anali atalira usiku ndi usana, ndipo kulira kwake kunali koona, pakuti mkazi wake ankamukonda m'njira yake. Koma ngakhale m'chisoni munthu sasiyana ndi chikopa chake. Anapukuta maso n'kuwongola mapewa.

"Ndidzamufotokozera ine. Kufotokoza ndi ntchito yanga."

Maliro anayenda bwino kwambiri. Anthu anayamikira dongosolo.

Sukulu itatsekera, Asajile anapita kukamutenga Gwakisa. Mayi Kyando anamuuza kuti mwana wayamba kutulutsa manja pang'ono, akudziwa mayina a zinthu zingapo ndi a anzake awiri. Za malirozo anati anayesa. Anamuonetsa chizindikiro cha imfa, Gwakisa n'kuchibwereza bwinobwino ngati momwe amabwerezera cha nsapato, n'kudikira kuti amuyamikire.

M'basi monse mwanayo anali pawindo, akumwetulira. Atatsika anatsogola yekha, chikwama chikugunda kumsana. Analowa pageti n'kuthamangira kukhitchini. Anatuluka. Analowa kuchipinda, kubafa, kuseri kwa khola la abakha. Anatsegula kabati ya zovala n'kununkhiza zitenje. Kenaka anabwera pabalaza, n'kuima patsogolo pa bambo ake. Anatulutsa dzanja limodzi m'khwapa pang'onopang'ono, mutu ataubweza m'mapewa ngati woyembekezera kumenyedwa, n'kudzisisita tsaya kawiri ndi kuseri kwa zala.

Asajile anayang'ana Subilaga.

"Akuti chiyani?"

"Akufunsa Mama," anatero mtsikanayo. "Mama ankamusisita choncho pomusambitsa."

Namondwe anatsegula pakamwa. Mawu analipo ambiri, okonzedwa kale m'basi, oyambira pa chifuniro cha Mulungu n'kutsirizira pa kukaonana kumwamba. Anawalankhula onse, mokweza, akutsindika liwu lililonse. Gwakisa anaonerera milomo ikuyenda mpaka inaima, n'kudzisisitanso tsaya.

Asajile anachotsa chithunzi cha ukwati pakhoma, n'kuloza mkazi wake, n'kugwedeza dzanja kuti palibe. Mwanayo anavomera ndi mutu: inde, palibe, n'chifukwa chake akufunsa. Bamboyo anagona chagada pansi, suti ili m'thupi, n'kutseka maso, n'kupinda manja pachifuwa. Gwakisa anamuyang'ana, nkhope n'kuwala. Anathamangira kuchipinda kukavundukula mabulangete pabedi. Anabwerako ali ndi pilo m'manja, akuyang'ana bambo ake ngati munthu amene wamunamiza.

M'mawa mwake anakwera naye basi ya ku Tukuyu. Anadutsa naye m'nthochi mpaka pamanda. Panali mulu wa dothi lofiira, mtanda wa thabwa, ndi nkhata za maluwa zofota. Asajile analoza chithunzi, n'kuloza dothi. Analoza chithunzi, n'kuloza dothi. Anagwada, n'kumenya dothilo ndi chikhatho, misozi ikugwera pa tayi. Tumpale anaima chapatali atagwira pakamwa. Gwakisa anayang'ana mulu uja mwaulemu, poona kuti ndi wofunika kwa bambo ake. Anatola duwa limodzi louma, n'kulinunkhiza, n'kulibwezera. Kenaka anayang'ana dzuwa, n'kuyamba kukoka bambo ake malaya mwamphamvu kulozera kumsewu. Ankafuna abwerere msanga. Kunyumba kunalibe munthu, ndipo mayi ake akanafika akanapeza geti lokhoma.

Kuyambira tsiku limenelo, dzuwa likapendeka, nthawi yomwe amayi amaweruka kumsika, Gwakisa amakaima pageti. Akaona mayi aliyense wosenza beseni akutulukira pakona, amathamanga kukamuchingamira, n'kumuzungulira kutsogolo, n'kumuyang'ana kumaso. Kenaka amabwerera pamalo pake. Salira, chifukwa palibe chimene wamva choti alirire. Tchuthi chikatha amapita kusukulu mokakamizidwa, akucheuka, ndipo akabwerako amayambira kukhitchini. Amayi ena a mumsikamo anasiya kudzera njira imeneyo, akuti bola kuzungulira kwa opala matabwa kusiyana n'kuyang'anidwa ndi maso amenewo.

Asajile anagula kabuku ka zizindikiro, ndipo madzulo ena amakhala pakhonde akupinda zala zake zonenepa, Subilaga akumukonza. Waphunzira ndithu, poti mutu ali nawo. Akudziwa kunena kuti mayi, akudziwa kunena kuti anamwalira, akudziwa kunena kuti sadzabweranso. Amapita pageti, n'kumugwira mwana wake paphewa, n'kumupangira zonsezo mwadongosolo lake. Gwakisa amazibwereza mwaulemu, chimodzichimodzi, osalakwitsa, n'kutembenukiranso kumsewu.

Tsiku lina Tumpale, atabwera kudzaona ana, anawapeza ali choncho, bambo akupinda zala, mwana akuyang'ana pakona.

"Shemeji," anatero Asajile ndi mawu aang'ono omwe palibe anawamvapo pa ukwati uliwonse, "ndikuchita zonse zimene akunena. Ndikulakwitsa pati?"

Tumpale anatula mtolo wake wa nthochi pansi. Anali ndi mawu ambiri omwe anawasunga zaka zonsezo, koma atamuyang'ana munthuyo anaona kuti palibenso pomenya.

"Lero simukulakwitsa paliponse, shemeji," anatero. "Kungoti lero si tsiku lake."

Pakona panatulukira mayi wina wosenza beseni, ndipo Gwakisa anayamba kuthamanga.

Akuluakulu sanali kunena za chimanga chokha pamene anati m'mera mpoyamba.